Mdima Wochokera ku Kapichira

Pa 24 Januwale 2022 namondwe wa Ana anakhuthula mvula m'chigawo cha kumwera, mtsinje wa Shire unasefukira, madzi n'kugumula damu la pa malo opangira magetsi ku Kapichira. Mbali yaikulu ya dziko inagona mumdima. Kuchoka ku Kapichira kufika ku Sangilo, m'mbali mwa nyanja pakati pa Chitimba ndi Chilumba, pali makilomita oposa 600. Wa ku Sangilo sanawaone madzi amenewo, mkokomo wake sanaumve. Koma mamegawati pafupifupi 130 amene anatayika tsiku limenelo anali akenso. Kwa chaka ndi miyezi ingapo, mpaka makina aja atakonzedwa mu 2023, magetsi ankagawidwa mosinthanasinthana m'dziko lonse, ndipo chigayo cha pa Uliwa chinkaima monga momwe chinkaimira cha ku Ndirande.

Wailesi ikalengeza kuti namondwe akubwera, ambiri kumpoto amangoti, "Za kumwera izo." Sanena mopusa. Namondwe amabadwira pa nyanja yamchere ya Indian, pamene madzi atentha kwambiri, makamaka kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo mphamvu zake amazitenga ku madzi otenthawo. Akangokwera pamtunda amayamba kufooka. Amene anativulaza kwambiri analowera m'magombe a pakati pa dziko la Mozambique: Idai anagunda mzinda wa Beira mu Malichi 2019, Freddy analowera kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023. Kuchokera kumeneko khomo lolowera m'Malawi ndi Mulanje, Phalombe, Nsanje ndi Chikwawa. Karonga ali kutali, kuseri kwa mapiri ndi mtunda wautali. Komabe malire amenewa sanalembedwe ndi munthu. Kenneth, mu Epulo 2019, anagunda Cabo Delgado, molunjika ndi chilumba cha Likoma. Hidaya, mu Meyi 2024, anafika pa chilumba cha Mafia ku Tanzania, kumpoto kuposa Karonga yemwe. Chido, mu Disembala 2024, analowera kufupi ndi Pemba. Sindikulosera kuti tsiku lina diso la namondwe lidzaima pamwamba pa Sangilo. Ndikungoti banja la kumeneko lili ndi chifukwa chokonzekera ngakhale namondwe atathera ku Chikwawa, chifukwa nyumba ya masiku ano inamangiriridwa ku malo akutali ndi waya, msewu ndi foni, ndipo namondwe amadula zimenezi kaye.

Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi. Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa Shire, motsatana, ndiye chimene chagwera mtsinjewo chagwera onse. Nthawi ya Freddy kampani ya EGENCO inazimitsa makina chifukwa madzi anadzaza zinyalala, mitengo ndi matope zimene zikanawononga makinawo. Chodabwitsa n'chakuti Sangilo ali pafupi ndi malo ena opangira magetsi, a pa mtsinje wa Wovwe wotsika ku mapiri a Nyika. Koma Wovwe ndi wamng'ono, wa mamegawati pafupifupi 4.5, ndipo magetsi ake amalowa m'mawaya omwewo a ESCOM, kukagawidwa pamodzi ndi ena onse. Kukhala moyandikana naye sikupatsa munthu babu loyaka.

Tsono funso loyamba pa khomo si lakuti tigule chiyani. Ndi lakuti m'nyumba muno n'chiyani chimene chimaima magetsi akazima. Yankho limadabwitsa ngakhale mabanja amene alibe waya wa ESCOM pa denga. Iwo amati, "Ife magetsi satikhudza, tilibe." Koma ufa umene ali nawo unagayidwa ndi magetsi, mpunga wa ku Hara unapunthidwa ndi magetsi, foni imakatchajidwa pa sitolo kapena kwa ometa tsitsi pa msika, ndipo batire la nyali zophera usipa, kwa amene alibe sola, limadzazidwa komweko. Nyumba ya agogo athu inali yokonzeka popanda kudziwa kuti ndi yokonzeka. Mtondo unali pakhonde, nkhuni pa tsanja, koloboyi pa windo. Nyumba yathu n'njabwino kuposa imeneyo m'zambiri, ndipo sindingafune kubwerera. Koma ili ndi pofooka pamene ya agogo inalibe.

Taonani nkhani ya ufa. Ku gombe lino nsima yodalirika ndi kondowole. Chinangwa chimakumbidwa, kusendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo mpaka chifewe ndi kutha ululu, kenako kuyanikidwa. Ntchito yonseyi imafuna dzuwa. Mvula ikamvumba sabata yathunthu, chinangwa choyanika pa thandala chimada, chimachita nkhungu, fungo lake limasintha, ndipo nsima yake ana amaikana. Choncho mayi womva chenjezo lero sangapange ufa wa mawa. Chimene angachite ndi kutenga chouma chimene chilipo, pamodzi ndi chimanga ngati chilipo, kupita nacho ku chigayo magetsi asanazime ndiponso mzere usanatalike. Ufawo auike m'ndowa yovundikira, pamwamba pa njerwa kapena pa mpando, osati m'thumba pansi pamene chinyezi chimakwera. Ndipo mtondo uja, umene m'makomo ambiri wagona chafufumimba kuseri kwa khitchini, ana akukhalapo, auimike, autsuke, aone ngati sunang'ambike ndiponso ngati munsi ulipo. Chinangwa chouma chimasinjika bwino mu mtondo. Atsikana a masiku ano ena sanagwirepo munsi, koma njala ndi mphunzitsi wachangu.

Za moto sizifuna mawu ambiri. Nkhuni zilowe pansi pa denga, makala akhale pouma, machesi akulungidwe m'pepala la pulasitiki. Chimene chiyenera kunenedwa mobwereza n'chakuti mbaula ya makala siigona m'nyumba yotseka mawindo. Utsi wake woopsa sununkha, suoneka, umangogonetsa anthu osadzukanso, ndipo usiku wa mvula ndi mphepo ndi umene munthu amakopeka kuilowetsa kuti ana afunde. Kandulo nayonso pafupi ndi neti ya udzudzu yawotcha nyumba zambiri. Tochi ya mabatire kapena kanyali ka sola n'kabwino, bola munthu akumbukire kuti mitambo ikatseka masiku atatu sola naye amafooka.

Foni ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa taiunjikira ntchito zochuluka. Ndi tochi, ndi wailesi, ndi kalata, ndiponso ndi chikwama. Mwana wa ku Mzuzu kapena wa ku Johannesburg amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo banja limazisiya momwemo poopa akuba ndiponso poopa kuzidya msanga. Ndi nzeru, masiku abwino. Koma nsanja za mafoni zimayendera magetsi. Akazima zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo majenereta amadalira dizilo wobwera pa msewu. Netiweki ikagwa, ejenti amangotambasula manja. Ndalama zilipo, zikuoneka m'mutu, koma sizigula sopo. Pomva chenjezo n'kwanzeru kutapako pang'ono, za manotsi ang'onoang'ono, kutchaja mafoni onse, kenako imodzi kuizimitsa n'kuisunga. Manambala ofunika alembedwe pa pepala, pakuti ndani masiku ano amasunga pamtima nambala ya mlongo wake? Ndipo wailesi ya mabatire, imene ambiri tinaiponya m'katoni, ndiyo imalankhulabe zina zonse zitakhala chete. Nthambi yoona zanyengo ndi ya DoDMA, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, zimalengeza machenjezo pa MBC ndi pa Zodiak, ndipo ku Karonga kuli mawailesi a m'dera monga Tuntufye FM amene amafikira anthu m'zilankhulo zawo. Uthenga wa pa WhatsApp umathamanga kuposa wailesi, koma umabwera utasakanikirana ndi zithunzi za chigumula cha dziko lina, cha chaka china.

Munthu wokhala m'mbali mwa nyanja yaikulu chotere amaseka ukamuuza kuti asunge madzi. Koma madzi ochuluka ndi madzi akumwa n'zosiyana. Mvula yamphamvu imagwetsa zimbudzi zokumbidwa mu mchenga, imakokolola zonse za kumtunda n'kuzitsitsira m'zitsime ndi m'mphepete mwa nyanja, pomwe amayi amatunga ndi kutsuka mbale. Kumene kuli mipope, madzi ake amakankhidwa ndi mapampu a magetsi. Tisaiwale kuti kolera imene inayamba mu Malichi 2022, m'nyengo ya anamondwe a Ana ndi Gombe, inafalikira m'maboma onse, a m'mbali mwa nyanja kumpoto osasiyidwa, ndipo inapha anthu oposa 1,700, kuposa amene anafa ndi madzi a anamondwe awiriwo. Zigubu zidzazidwe pa mjigo mvula isanayambe. Botolo la WaterGuard kapena kolorini wa kwa alangizi a zaumoyo, ndi timapaketi ta Thanzi ORS, n'zotsika mtengo poyerekeza ndi ulendo wa usiku wonyamula mwana wotsegula m'mimba pa njinga, mtsinje utadzaza.

Pa nyanja anthu a kuno safuna mphunzitsi wochokera ku Lilongwe. Amadziwa mwera wa nyengo yozizira, wochokera kumwera, umene umayenda utali wonse wa nyanja n'kufika kumpoto mafunde atakula. Amadziwa mpoto wa nthawi ya dzinja, umene umadzuka mwadzidzidzi. M'madzi a kufupi ndi gombe lomweli ndi mmene sitima ya Vipya inamira pa 30 Julayi 1946, anthu 145 n'kutha, ndipo sanali namondwe wa dzina, inali mphepo ya panyanja pompano. Chidziwitso chilipo. Vuto ndi lakuti amene amadziwa bwino kuopsa kwa madzi ndi amenenso alibe ufulu wokhala pamtunda. Mnyamata wokoka chilimira amalandira malinga ndi zimene zagwidwa usiku umenewo. Mwini injini ali ndi ngongole ya mafuta. Siginala, wotsogolera asodzi panyanja, akayang'ana kumwamba madzulo n'kuona nyenyezi, chenjezo la pa wailesi limaoneka ngati bodza la anthu a m'maofesi. Apa kukonzekera kwa banja kumakhala mkangano wa pakhonde, mayi akuti, "Bambo ake mwana, lero musalowe," bambo akuti, "Nanga mawa tidya chiyani?" Onse awiri akunena zoona. Mkanganowo umatha msanga ngati m'ndowa muja muli ufa ndipo m'thumba muli usipa wouma wa masiku anayi. Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la kusunga chakudya lili pamenepa: limagulira msodzi ufulu wokana kulowa m'madzi.

Bwato nalo likokedwe kupitirira pamene linazolowera kugona. Mu 2024 nyanja inakwera kuposa mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, msinkhu umene unali usanaoneke kwa zaka zambiri, ndipo m'magombe ambiri madzi analowa m'nyumba, m'malo ogona alendo ndi pa mathandala oyanikira nsomba. Nyanja ikadzaza chotero, funde la mphepo wamba limafika pamene kale linkafika la mkuntho wokha. Maukonde ndi injini zikwere kunyumba.

Kumbuyo kwa Sangilo kuli mapiri. Kuchoka pa gombe kuyang'ana kumadzulo ndi kumwera, mtunda umakwera mofulumira kupita ku Khondowe ndi ku Nyika, ndipo mitsinje yotsika kumeneko ndi yaifupi, yaliwiro. M'chilimwe ina imauma, ana amasewera mu mchenga wake, munthu n'kuumba njerwa m'mbali mwake, mwinanso kumangapo nyumba. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chimene Freddy anatiphunzitsa ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndi m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe, n'chakuti wakupha wamkulu sanali mphepo. Anali madzi ndi matope ndi miyala yotsika m'phiri, nthaka itakhuta mvula ya masiku angapo. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa theka la miliyoni anasiya nyumba zawo. Ku Karonga mvula yamphamvu imakonda kubwera mu Malichi ndi Epulo, nthaka itanyowa kale, ndipo mitsinje ngati North Rukuru, Lufilya ndi Songwe yasefukira kambirimbiri popanda namondwe aliyense. Choncho bambo woyendera nyumba yake asayambire pa denga. Ayambire panja, aime pamene madzi amadutsa mvula ikagwa, afunse okalamba a pamudzi kuti chaka cha madzi ambiri anafika pati. Ngalande ya kuseri kwa nyumba ikumbidwe ndi khasu lero, osati usiku ndi tochi kukamwa.

Kenako denga. Mphepo siyamba ndi lata lapakati. Imafunafuna la m'mphepete limene msomali wake wamasuka, imalowa pansi pake, ndipo likangotukuka limodzi ena onse amatsatira. Misomali ya malata yowonjezera m'mbali ndi pa msonga, waya womangirira mitengo ya denga ku khoma, nthambi ya mango yolendewera pamwamba pa chipinda cha ana kuidula: ndi ntchito ya tsiku limodzi. Miyala imene ena amasanjika pa malata imathandiza pa mphepo yaing'ono, koma pa yaikulu imasanduka choopsa china. Anthu a boma lino amadziwa kale kuti khoma limagwa. Zivomezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zikwizikwi ku Karonga, mabanja n'kumagona panja m'nyengo ya mvula. Khoma la njerwa zomangira dothi limene lili ndi mng'alu, likamwa madzi masiku atatu, siligonedwa pafupi.

Msewu wa M1 ndi umodzi. Kumwera umakwera mapiri a Chiweta, kumene miyala ndi dothi zimagumukira pa msewu mvula ikachuluka; kumpoto umawoloka mitsinje yambiri usanafike ku Karonga ndi ku Songwe, kumene matanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amalowera. Mlatho umodzi ukaduka, shuga, mafuta ophikira ndi petulo zimakwera mtengo tsiku lomwelo. Koma chimene sichidikira ndi mankhwala. Wa ma ARV, wa BP, wa shuga, wa khunyu, awerenge mapiritsi ake pomva chenjezo, ndipo ngati atsala ochepa apite ku chipatala njira ikadali yotseguka. Mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira ndi bwino akadikirire kufupi ndi chipatala. Mabuku a kuchipatala, ziphaso za unzika, masatifiketi a sukulu ndi makalata a malo zilowe m'jumbo, jumboyo ilowe m'ina, ipachikidwe pa msomali pafupi ndi khomo pamene aliyense wa m'nyumba akupadziwa.

Wina anganene kuti zonsezi ndi malangizo a munthu wokhuta, ndipo ali ndi mfundo. Anamondwe amabwera m'miyezi ya njala. Mu Febuluwale banja lambiri likudya za tsiku lomwelo, ndiye kuliuza kuti lisunge chakudya cha sabata ndi kulinyoza. Ine sindikana. Chinangwa chimapatsa anthu a ku gombe mwayi umene a chimanga chokha alibe, popeza chimakhala m'munda chaka chonse, koma si onse ali ndi munda, ndipo mabatire, misomali ndi kolorini zimafuna ndalama. Pali mbali ya ntchitoyi imene khomo limodzi silingaisenze, imene ndi ya boma: milatho yolimba, malo othawirako, magetsi osadalira mtsinje umodzi. Freddy atadutsa, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mu 2023, ndipo m'midzi muli makomiti oona za ngozi. Mphamvu ya makomitiwa imasiyana mudzi ndi mudzi; ena amakumana, ena amangokumbukiridwa thandizo likabwera.

Komabe zimene zimapulumutsa moyo kwambiri sizigulidwa. Ndi mawu ogwirizana kukadali kowala. Madzi akafika pa mtengo uja tichoka, osadikira kuti alowe m'nyumba. Tikapita ku sukulu kapena ku tchalitchi cha pamtunda, podzera njira yakuti, osati ya pa khwawa. Agogo a nyumba yapafupi, amene miyendo inawakana, adzawanyamula ndi uje ndi uje. Mwana wamkulu agwira wamng'ono. Tikasiyana tikakumana pakuti. Zimenezi zikakambidwa pa chakudya cha madzulo ana amazisunga kuposa akuluakulu. Ndipo mvula ikatha pali lamulo limodzi loti ana alimve bwino: waya wogwa pansi sakhudzidwa, ngakhale magetsi atazima sabata yonse, chifukwa amabwera osagogoda. Mafiriji ndi mawailesi a kanema azulidwe ku khoma mpaka magetsi akhazikike.

Chovuta china n'chakuti machenjezo ambiri, kwa munthu wa ku Sangilo, adzapita pachabe. Adzagaya ufa, adzakoka bwato, adzataya usiku umodzi kapena uwiri wa usipa, kenako kudzacha bwinobwino, nyanja ili phee, anzake amene analowa m'madzi akumuseka ndi ndowa zodzaza. Zikachitika kawiri katatu, chenjezo lachinayi salimvanso. A zanyengo sangalonjeze njira yeniyeni ya namondwe. Freddy anazungulira masiku oposa 30, anagunda Mozambique, anabwerera panyanja, n'kudzagundanso. Zimene amanena ndi zotheka, osati zotsimikizika, ndipo ndi bwino aziyankhula motero poyera kuti anthu asamawayese abodza. Kumbali ya banja, kukonzekera kumene kungapirire machenjezo opita pachabe ndi kumene sikutayitsa kanthu: ufa udzadyedwa ndithu, misomali idzakhalabe pa denga, ngalande idzagwira ntchito mvula ina iliyonse. Chotayika chenicheni ndi usiku wa msodzi uja, ndipo pamenepo eni maboti, amene ali ndi pogwira, ndiwo ayenera kuyamba kunena kuti lero boti silichoka.

Pali nkhani imodzi imene mabanja ambiri amailephera, ya amene atsale. Nthawi yochoka ikakwana, mayi ndi ana amapita, bambo amati atsala kuyang'anira mbuzi, nkhumba, injini ndi matumba a mpunga, poopa akuba. Mantha akewo ndi oona. Katundu wosiyidwa amabedwa, ndipo injini ya boti ndi chuma cha zaka zambiri. Koma wotsalayo amatsala m'nyumba imene banja lonse laiweruza kuti siyogonamo. Njira yokhayo imene ndikuiona ndi kusamutsa katunduyo msanga, dzulo lake, kupita naye kwa m'bale kapena mnansi wa pamtunda, ziweto kuzimasula pa zingwe ndi kuzikweza kukadali kouma. Zimafuna kupempha, ndipo kupempha malo osungira katundu kumwamba kulibe mtambo kumachititsa manyazi. Kumafunanso mnansi amene mumakhulupirirana naye mpaka kumusiyira injini, ndipo ngati munakangana naye za malire a munda chaka chatha, nkhaniyo iyenera kuyamba yatha.